Musanaitane bilidala, yambani mwakhala m'khitchini sabata imodzi

Makhitchini ambiri a m'midzi ndi m'matauni mwathu amamangidwa ndi anthu amene saphika. Bambo akagulitsa fodya kapena soya amaitana bilidala, awiriwo amazungulira kuseri kwa nyumba, mmodzi n'kuloza ndi phazi kuti "apa", mawa lake maziko akumbidwa. Mayi amene adzakhale m'chipindacho maola ambiri tsiku ndi tsiku amangouzidwa kuti atunge madzi opondera matope. Pakatha miyezi iwiri mudzapeza khitchini yatsopano yamalata yasanduka mosungira njinga ndi matumba a chimanga, mafuwa atabwerera pansi pa mtengo wa mango pomwe anali kale. Bambo amati akazi awo ndi osayamika. Chilungamo chake n'chakuti m'khitchinimo utsi sutuluka, khomo linapenya kochokera mphepo, ndipo munthu akakhala pamoto saona ana amene akusewera pabwalo.

Zonsezi zikanadziwika njerwa ndi imodzi yomwe isanaumbidwe. Akatswiri ojambula mapulani a nyumba, okonza zipangizo, ngakhale opanga mapulogalamu a pa foni, ali ndi ntchito imene amayamba nayo asanajambule kalikonse. Amapita kwa anthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho, amawaonerera, amawafunsa, amayeza, amalemba, kenako amakhala pansi n'kusanthula zimene atolazo. Banja lililonse likhoza kuchita zomwezi ndi kope la mwana wa sukulu, pensulo ndi chingwe. Chofunika ndi sabata imodzi kapena ziwiri, komanso mtima wovomereza kuti pali zinthu zochitika pakhomo panu pomwe zimene inu eni ake simukuzidziwa.

Kodi amaphika ndani pakhomo pano?

Yambani ndi kulemba onse amene amalowa m'khitchini, osati yekhayo amene mumamutcha mwini wake. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti banja la ku Malawi limakhala ndi anthu 4.4 tikagawa mofanana, koma pophikira pamaponda anthu ochuluka kuposa pamenepo. Pali mayi. Pali mtsikana wa Sitandade 7 amene amaphika phala m'mamawa amake ali kudimba, ndipo dzanja lake silifika pa shelefu imene bilidala akufuna kukhoma. Pali agogo amene mawondo awo salola kuima nthawi yaitali, mwana wokwawa amene amalondola amake paliponse, mnyamata wowaza nkhuni, ndi wantchito ngati muli naye, amene mwina ndiye amaphika masiku ambiri pa sabata koma palibe amamufunsa kanthu. Kumene kuli chikamwini, apongozi ndi abale a mkazi amadzapala moto ndi kubwereka mphika. Kukagwa zovuta kapena kukakhala chinkhoswe, amayi a mudzi wonse amadzaza pamalo omwewo.

Kuphonya pa funso limeneli kunawonongetsapo ndalama zochuluka kuposa za khitchini. M'zaka za m'ma 2000 kunatchuka mjigo wochokera ku South Africa wotchedwa PlayPump. Unali chigudumu chachikulu choseweretsa ana: iwo akamachizunguza, madzi ankakwera m'thanki. Mu 2006 boma la America pamodzi ndi mabungwe ena analonjeza madola 16.4 miliyoni kuti ufalitsidwe, ndipo unaikidwa m'mayiko angapo kuphatikizapo Malawi, Mozambique ndi Zambia, m'malo ena atazula mijigo yakale yopopa ndi manja. Koma madzi amafunika kwambiri mbandakucha ndi madzulo, pamene ana sasewera, ndiponso palibe mwana angasewere tsiku lonse kuti mudzi umwe. Amene anatsala akukankha chigudumucho anali amayi, ena mwa iwo okalamba. Pofika mu 2010 bungwe limene linkaufalitsa linali litaisiya ntchitoyo. Okonza mjigowo anaona ana, wotunga madzi sanamuone.

Onererani kaye, mafunso pambuyo

Munthu amene wagwira ntchito imodzimodzi zaka 20 saionanso. Mukafunsa mayi mmene amaphikira nsima adzakuuzani za madzi, ufa ndi mthiko. Sadzatchula kuti amatuluka kanayi kukatenga zinthu m'nyumba yaikulu, chifukwa kwa iye kumeneko si kuphika, ndi kuyenda chabe. Zotere zimagwidwa ndi maso.

Sankhani munthu mmodzi wolemba. Akhoza kukhala bambo, koma kunena zoona bambo akakhala pakhomo pa khitchini ndi kope m'manja, zonse zimasintha: mbale zimatsukidwa msanga, mwana amathamangitsidwa, ndiwo zimathiridwa mafuta ochuluka kuposa masiku onse. Mwana wa sekondale amene ali pa holide amachita bwino, popeza palibe amamuchitira manyazi. Onse a pakhomo auzidwe poyera chimene chikuchitika: "Tikufuna kumanga khitchini, ndiye tikuona kaye mmene ntchito imayendera. Sitikufufuza zolakwa za munthu." Wantchito makamaka ayenera kumva mawu amenewa, kupanda kutero adzaganiza kuti mwayamba kuwerenga masupuni a shuga. Mukafuna kujambula zithunzi pa foni pemphani kaye, ndipo zithunzizo zisakapezeke pa gulu la WhatsApp la banja anthu akuseka mapoto akuda.

Pa tsamba loyamba jambulani mapu a pakhomo: nyumba, pophikira, mulu wa nkhuni, mtsuko kapena mpopi, thandala, nkhokwe, dzala, khola, chimbudzi. Nthawi iliyonse wophika akachoka pamoto kupita kwina, lembani mzere. Pomafika madzulo mizere ina idzakhala itada bii chifukwa chobwerezedwa. Mizere yakudayo ndiyo njira zenizeni za pakhomo panu, ndipo khomo la khitchini yatsopano liyenera kutsegukira kumeneko.

Njira imeneyi ili ndi mbiri yake. Mu 1926, mumzinda wa Frankfurt ku Germany, mayi wina wa ku Austria wojambula mapulani a nyumba, Margarete Schütte-Lihotzky, anapatsidwa ntchito yokonza khitchini ya nyumba zotsika mtengo zimene mzindawo unkamangira anthu apantchito. Anatsata mayendedwe a wophika ndi nthawi imene ntchito iliyonse imadya, n'kuika chilichonse poti dzanja lifike osayenda mtunda. Khitchini yake inali ya mamita pafupifupi 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali, ndipo inalowa m'nyumba pafupifupi 10,000. Makhitchini a makabati okhomerera kukhoma amene mumawaona ku Area 47 kapena ku Namiwawa anachokera kumeneko. Komabe madandaulo sanachedwe: munkakwana munthu mmodzi yekha, mayi ankakhala kwayekha, ndipo ana sankawaona. Mapazi anawerengedwa bwino, koma panatsala funso loti munthu akamaphika amakhala ndi ndani. Kwathu kuno, kumene m'khitchini ndi molerera mwana, moothera moto ndi mokambira nkhani za amayi, funso limenelo ndi lalikulu kuposa la mapazi. Choncho pa mapu anu lembaninso amene amakhala pansi osaphika, ndi pamene amakhala.

Masamba otsalawo agaweni ndi mizere: nthawi, amene akuphika, chimene chikuphikidwa, moto wake, ndi chimene chavuta. Mzere umodzi ukhoza kuoneka chonchi: "5:30, mtsikana, madzi osamba ndi phala, pa mafuwa, nkhuni zonyowa, wakoleza ndi jumbo, akutsokomola." Lembani zimene mwaona, maganizo anu dikirani nawo. "Wawerama mphindi 15 akuvundula" ndi zimene mwaona, pamene "tikufunika tebulo" ndi maganizo anu, ndipo mwina ndi olakwika. Sabatayo iphatikize Lamulungu, tsiku lophika nyemba, tsiku la msika, ndipo ngati muli m'tauni, tsiku limene magetsi azima. Masiku amenewa ndi amene amaonetsa pamene pophikira pamapanikiza.

Musaiwale kuyang'ana khitchini yakaleyo mulibe munthu. Mwaye wa pakhoma ndi kudenga ukuuzani kumene utsi umaunjikana. Lata lakale loimikidwa pambali pa moto likuuzani kochokera mphepo. Mwala pa chivundikiro cha ndowa ya ufa ndiye kuti makoswe alipo. Mipeni ndi machesi zotsomekedwa ku udzu wa denga ndiye kuti pali mwana amene akubisiridwa. Mukapeza mafuwa pawiri, ena mkati ena panja, funsani kuti awa amagwira liti, awo liti. Chilichonse chimene munthu anachita kudzipangira yekha ndi dandaulo limene sanalinene, ndipo ine ndimakhulupirira zinthu zimenezi kuposa mayankho a pakamwa.

Kafunsidwe kake

Funso loipa kwambiri ndi limene aliyense amayambira: "Mukufuna khitchini yotani?" Mayankho ake ndi awiri okha. Wina adzafotokoza khitchini imene anaiona pa TV kapena kunyumba kwa abusa. Wina, chifukwa cha ulemu, adzati, "Iliyonse imene mwaganiza, bambo, ili bwino." Onsewa sanakuuzeni kanthu. Anthu sitidziwa bwino zimene tidzachite mawa, koma zimene tinachita dzulo timazikumbuka. Funsani za dzulo. "Dzulo mvula itayamba, mphika munathawira nawo kuti?" "Ndi liti pamene munapsa komaliza, ndipo zinakhala bwanji?" "Tsiku lija kunabwera alendo a ku mpingo, chinakuvutani kwambiri n'chiyani?"

Pewaninso funso lobwera ndi yankho lake m'thumba. Mukati, "Si bwino titaika zenera apa?" mudzamva "Eya, ndi bwino ndithu," ngakhale pamalopo pakhale polowera fumbi la mumsewu. Funso loti "chifukwa chiyani" nalonso kwathu kuno limamveka ngati mlandu. "N'chifukwa chiyani mumaphikira panja?" munthu amayamba kudziteteza. Koma mukati, "Tandionetsani mmene mumachitira kukakhala mphepo," amadzuka n'kukuonetsani, ndipo pomwepo mumaona zinthu zitatu zimene sakanazitchula.

Aliyense afunsidwe payekha, makamaka manja ake ali pa ntchito, akusadzula masamba kapena kutongola chimanga. Mkamwini kapena mtengwa sanganene pamaso pa apongozi kuti malo amene apongoziwo anasankha ndi oipa. Wantchito sanganene pamaso pa bwana kuti sinki imamupweteketsa msana, koma mwana wa pakhomo akamufunsa kuti, "Achemwali, mukamaliza kutsuka pamawawa ndi pati?" adzanena. Kwa okalamba funsani modekha: "Agogo, mawondo asanayambe kuvuta munkakhala pati pophika? Nanga pano mumakhala bwanji?" Kwa mtsikana uja: "Iwe, n'chiyani chimene umachita kukwera pampando kuti uchifikire?" Munthu akayankha mwachidule, khalani chete pang'ono musanaponye funso lina. Mawu enieni kawirikawiri amatuluka pamenepo.

Sabata ya mu Okutobala siingakuonetseni za mu Febuluwale, ndiye nyengo zinazo muzifunse. Madzi a mvula amadutsa pati pabwalo? Nkhuni zimauma bwanji dzinja? Mu Juni ndi Julaye anthu amaothera kuti? A ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre aganizire masiku a chiperoni, a m'mbali mwa nyanja aganizire mwera, pamene a ku Nsanje ndi Chikwawa vuto lawo lalikulu ndi kutentha, moti khitchini ya makoma anayi ndi malata otsika imakhala yosalowamo masana. Nthawi yokolola, mtedza ndi maungu zimaunjikidwa kuti? Mukapanda kufunsa, zidzaunjikidwa pamalo pomwe munakonza kuti pakhale pophikira.

Kenako yenderani makomo atatu kapena anayi amene anamanga khitchini zaka ziwiri zapitazo. Ya mwezi watha isiyeni, mwini wake akadali wonyadira. Funso ndi limodzi: "Mukanati mukumanganso, mukanasintha chiyani?" Ndipo itanani munthu mmodzi wa kwina adzaone pophikira panu, chifukwa mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Iye adzafunsa chifukwa chimene mtsuko wa madzi akumwa ulili pafupi ndi khola la nkhuku, chinthu chimene nonse munasiya kuchiona kalekale.

Zoyeza

Zina sizifuna kufunsa, zimangofuna tepi kapena chingwe chomanga mfundo. Yezani mphika waukulu kwambiri wa pakhomo, uja wa thobwa kapena wa pa zovuta, osati wa tsiku ndi tsiku wokha. Yezani msinkhu wa wophika atasenza ndowa pamutu, chifukwa ndiwo msinkhu wa khomo, ndipo m'lifupi mwake mudutse munthu wonyamula beseni la mbale. Ngati mukufuna tebulo lodulirapo ndiwo, yezani kuchokera pansi kufika pa chigongono cha amene amaphika kawirikawiri, n'kuchotsapo masentimita 10 kapena 15. Koma pophikira nsima pamafunika kutsika kuposa pamenepo, ndipo mphika ukhazikike osagwedera, chifukwa kuvundula nsima ya anthu asanu ndi mmodzi kumafuna mphamvu ya phewa lonse. Apa mpamene makhitchini ambiri okopera m'mabuku a kunja amagwera: anakonzedwera anthu amene chakudya chawo sachita kulimbana nacho mumphika.

Werengani ndowa za madzi zolowa pa tsiku. Za mphepo, zikani mtengo pamalo amene mukufuna kumangapo, mumangirire kansalu, ndipo muzilemba kumene kakuloza m'mawa, masana ndi madzulo. Za nkhuni, bwerekani sikelo ya ogula mbewu: yezani mulu m'mawa, muphikire wokhawo, mawa lake yezani zotsala, muchite zimenezi masiku atatu kapena anayi. A makala alembe tsiku limene thumba latsegulidwa ndi tsiku limene latha. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa mukadzasintha mbaula ndi yokhayo idzakuuzeni ngati mwapindula.

Nkhani ya mbaula ikufunika kuikhalira pang'ono, popeza mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Kuyambira kumapeto kwa 2013 mpaka 2016 ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi Liverpool School of Tropical Medicine, wokhudza ana oposa 10,000. Mabanja ena anapatsidwa mbaula ziwiri za Philips zokhala ndi kafani kokupiza moto ndi sola yotchajira, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa. Poyesedwa ndi akatswiri, mbaulazo zinkachepetsa utsi kwambiri. Koma zotsatira zimene zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zinaonetsa kuti chibayo pakati pa ana osakwana zaka zisanu sichinachepe. Mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri, zinkafuna nkhuni zodulidwa tizidutswa, moto wa pa mafuwa sunazimiretu m'makomo, ndiponso ana ankapumabe utsi wochokera kwina monga wa zinyalala zotenthedwa. Chipangizo chikhoza kukhoza mayeso onse, koma pakhomo chimakumana ndi nyemba zofuna moto wa maola atatu ndi mayi amene alibe nthawi yowaza nkhuni tizidutswa.

Tsono kaya mukuganiza za Chitetezo Mbaula, ija yadothi imene inafala kwambiri boma la Joyce Banda litalonjeza mu 2013 kuti mbaula zosawononga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020, kaya za gasi kapena hotipuleti, bwerekani kaye kwa mnzanu masiku angapo. Muphikepo nsima, nyemba ndi madzi osamba, muone chimene chikubwerera pa mafuwa. Mabanja ambiri amasunga moto wa mitundu iwiri kapena itatu, ndipo si umbuli ayi, ndi nzeru. Khitchini yanu ikhale ndi malo a yonseyo.

Kusanthula zimene mwatola

Sabata ikatha mudzakhala ndi kope lodzaza, ndipo apa mpamene ambiri amalakwitsa. Amaliwerenga kamodzi, n'kutolamo mizere itatu yogwirizana ndi zimene ankafuna kale, basi "kafukufuku watha". Kuti mudzitchinjirize ku zimenezi, dulani mapepala ang'onoang'ono, pa kapepala kalikonse mulembe chinthu chimodzi chokha chimene munaona, kumva kapena kuyeza. Yalani mphasa Loweruka masana, onse a pakhomo akhalepo, muwerenge timapepalato mokweza kamodzikamodzi n'kumaunjika pamodzi tofanana. Musayambe ndi mayina a milu, milu idzadzitchula yokha: utsi, madzi, msana, makoswe, mwana ndi moto, mdima, mvula. Kapepala kokana kulowa mulu uliwonse musakataye. Nthawi zina kameneko ndi kamene kali ndi nkhani imene palibe anaiganizira.

Mukatero werengani kukula kwa mulu uliwonse, koma musalole nambala kulamula zonse. Pali zovuta zochitika kawirikawiri ndi zovuta zoopsa, ndipo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kusowa pokoleka chipande kukhoza kukhala ndi timapepala 12, pamene mwana kugwera pafupi ndi mphika wa phala kali kamodzi kokha. Kamodziko kakhale patsogolo. Chimodzimodzi ngati wina anatchula kuti m'nyengo yozizira amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka mazenera: mpweya wa makala ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo, choncho nkhani imeneyo ithetsedwe lero lomwe osadikira khitchini yatsopano. Ndipo musavutike ndi kuwerengera maperesenti. Anthu asanu ndi mmodzi si chiwerengero cha dziko, aliyense wa iwo ndi munthu amene mudzadye naye mawa.

Pa mulu uliwonse waukulu funsani kuti gwero lake n'chiyani. Tiyerekeze kuti mulu wa utsi ndiwo waposa yonse. Maganizo oyamba ndi akuti pamafunika chumuni kapena zenera lalikulu. Koma mukabwerera ku kope mupeza kuti masiku onse amene utsi unavuta, nkhuni zinali zonyowa kapena zaziwisi. Ndiye kuti theka la vutolo lithetsedwa ndi kakhonde kosungira nkhuni pouma, kamene mtengo wake ndi malata awiri ndi mitengo inayi. Kapena mulu wa msana: mwina chopweteketsa si kuwerama pamoto, ndi ndowa zisanu ndi zitatu zochokera ku mjigo, ndipo mankhwala ake ndi ngalande ya padenga ndi mgolo wokolola madzi a mvula. Mukathamangira yankho loyamba mudzagula chinthu chodula chothetsa vuto limene mulibe.

Yang'anani mwapadera pamene zonenedwa zikusemphana ndi zoonedwa. Mayi anati akufuna kumaphika choimirira, koma sabata yonse, ngakhale tebulo lilipo, ankadula ndiwo atakhala pa kampando. Musawatsutse pagulu. Ingodziwani kuti pakufunika kuyesa musanamange. Yang'ananinso pamene anthu akusiyana: mayi akufuna pokwera, agogo akufuna pansi. Apa palibe wopambana, pamafunika malo awiri, kapena pophikira potsika ndi kampando kolimba pambali.

Posankha zoyamba, aliyense apatsidwe njere zisanu za chimanga aziike pa milu imene akuiona kuti ndi yofunika. Ana ndi wantchito ayambe, bambo amalize, chifukwa bambo akayamba njere zonse zimatsata kumene zawo zagwera. Amene amaphika kwambiri mukhoza kumupatsa njere khumi, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Zotuluka pa mphasapo zilembedwe pa tsamba limodzi, m'ziganizo zifupizifupi zonena chofunika popanda kulamula kamangidwe kake. "Wophika aziona pabwalo ali pamoto." "Nkhuni za sabata ziwiri zizikhala pouma." "Mwana wokwawa asamafike pamoto." "Ufa usamafikiridwe ndi makoswe." "Anthu atatu azitha kukhala pansi osatsekereza khomo." Mukalemba kuti "zenera la galasi kumpoto" mwamanga manja a bilidala, koma mukalemba kuti "utsi uzituluka ngakhale chitseko chili chotseka" mwamusiyira mpata woti akuonetseni njira yotsika mtengo, monga njerwa zosiya mabowo m'mwamba mwa makoma awiri oyang'anana. Kenako gawani: zosasiyika, zabwino ndalama zikalola, ndi zodikira chaka chamawa. Matailosi pafupifupi nthawi zonse amagwera m'gulu lachitatu.

Khitchini ya zikhomo ndi chingwe

Musanakumbe, imangeni mwachinyengo. Khomani zikhomo m'ngodya zinayi, kokani chingwe, thirani phulusa posonyeza khomo ndi mazenera. Sanjani njerwa popanda matope pamene padzakhale pophikira ndi tebulo, imikani mikeka kapena mpanda wa udzu m'malo mwa makoma a kumphepo. Ndiye muphikemo chakudya chenicheni cha banja lonse, kuyambira kukoleza moto mpaka kutsuka mbale, masiku awiri kapena atatu. Wolemba uja abwererenso ndi kope lake. Mudzaona zigongono zikugunda chingwe, ndowa ikusowa pokhala, agogo akukokera kampando kawo pamalo amene munati padzakhale kabati. Sunthani chikhomo, muyesenso. Kusuntha chikhomo n'kwaulere, kugumula khoma kumadya thumba la simenti ndi mkangano wa m'banja.

A nyumba za lendi ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi, amene sangagumule khoma la landilodi, njira ndi yomweyi pa zinthu zing'onozing'ono. Musanaitanitse kabati kwa kalipentala, ikani makatoni a msinkhu womwewo pamalopo kwa sabata, muone ngati chitseko chikutsegukabe ndiponso ngati munthu angadutse atanyamula mphika wotentha.

Tsopano itanani bilidala. Mupatseni tsamba lija, mumuonetse zikhomo, ndipo mumumvere pa zimene iye akudziwa kuposa inu: kuya kwa maziko, chinyezi chokwera m'khoma, kutsetsereka kwa denga, ndi kokhotetsera madzi ngati malo anu ali pamtsetse. Akanena kuti china sichingatheke, afotokoze chifukwa chake pamaso pa wophika, osati kwa bambo okha pa grosale. Bilidala amene ayang'ana pepalalo n'kuseka kuti "amayi, ife tamanga makhitchini ambiri," ameneyo adzakumangirani khitchini yomwe anamanga kwa anthu ena onse, ndipo ndi bwino kufuna wina. Pa mgwirizano wanu muikepo mfundo iyi: wophika aitanidwe katatu, pokhoma zikhomo za maziko, khoma likafika pa mazenera, ndi denga lisanakhomedwe. Iye akapanda kuvomereza pamene pali khomo, zenera ndi moto, thumba lotsatira la simenti lisatsegulidwe.